Zovala za Munthu Wamoyo

Ndinakwatiwa ku Nchenachena ndili mtsikana wa ku Ntcheu, wosadziwa ngakhale kupereka moni m'Chitumbuka. Amuna anga anali aphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo tinkakhala m'nyumba ya njerwa imene malemu bambo awo anamanga atakolola khofi wambiri. M'nyumbamo munalinso apongozi anga, mayi wamfupi wosakonda zoyankhulayankhula, komanso katundu wa mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga.

Mlamuyo ndinangomuona pa ukwati wathu basi. Anali kalaliki ku Zomba, ndiye nduna zija zitayambana ndi boma n'kuthawa, nayenso anasowa. Ena ankati ali ku Tanzania, ena ku Zambia. Pakhomo dzina lake silinkatchulidwa, tinkangoti ujeni.

Apongozi sanasunge katundu wakeyo pamalo amodzi. Jekete anaikulunga m'chitenje n'kuika pamwamba pa kabati. Nsapato za mpira zinali kunsi kwa bedi lawo, kukhoma kwenikweni. Mabuku ake a kusekondale anawalowetsa pamwamba pa chipupa, pamene njerwa zimakumana ndi malata, malo amene tsache silifikako. Ku Nchenachena kumachita chinyezi, choncho dzuwa likawala ankatulutsa jeketeyo kuseri kwa nyumba, kuikuntha, kuiyanika pang'ono, n'kuibwezera. Ankati mwiniwake akabwera asadzaipeze itachita nkhungu.

Tsiku lina amuna anga anabwerako ku Mhuju nkhope itagwa. Anyamata a chipani anali atagudubuza nyumba ya mlangizi wina kumeneko, n'kupeza chithunzi cha munthu wothawa kuseri kwa kalendala. Mlangiziyo anamutenga. M'mawa mwake, apongozi atapita kumunda wa khofi, amuna anga anandiitanira kuchipinda.

"Mayi, lero muyeretse nyumba yonseyi. Chilichonse cha ujeni chichoke. Mutenthe."

"Bambo, munthu wamoyo sitimutenthera zovala. Kwathu n'chimodzimodzi ndi kwanu kuno."

"Mukufuna mwana wathuyu akule wopanda bambo?"

"Ndiye muwauze kaye nokha amayi anu."

"Ndachedwa, belu lilira pompano," anatero, n'kutenga njinga.

Zimandiwawa mpaka lero. Munthu wolimba mtima pokwapula ana a eni ake chifukwa cha masamu, koma kuyang'ana mayi ake m'maso kunamukanika. Anasiyira ine mtengwa, mlendo, amene ndikalakwa anthu angoti ndi khalidwe la kwawo.

Ndinayeretsa, nanga ndikanatani? Ndinaika mwana pamphasa, n'kukwera pampando. Pamwamba pa kabati ndinapezapo fumbi lokhuthala ngati bulangete, galasi la nyali losweka, mabotolo a mankhwala a malemu apongozi aamuna, ndi jekete ija. Pamwamba pa chipupa panali zisa za mavu ndi ndowe za makoswe, ndipo mabukuwo chiswe chinali chitayamba kale kuwadya m'mphepete. Kunsi kwa bedi ndinakokako nsapato zija pamodzi ndi mipini yothyoka ndi dengu lobooka limene aliyense ankati lidzasokedwa. M'thumba la khofi lakale kukhitchini ndinapezamo chipewa chake, chimene ngakhale amuna anga sankadziwa kuti chilipo. Nyumba ija sinayerepo chotero chiimangireni.

Chomaliza chinali chithunzi cha ukwati wathu pabalaza. Mlamu anaima pambali pa mkulu wake, akuseka. Ndinachichotsa m'felemu n'kumudula ndi lezala, koma dzanja lake linatsalira paphewa la amuna anga, chifukwa kulichotsa kukanadula ndi phewa lomwe.

Ndinakoleza moto kudzala, kuseri kwa nthochi. Mabuku anapsa msanga. Nsapato zinanunkha moipa, utsi wake wakuda bii, moti ndinkaopa kuti oyandikana nawo abwera kudzafunsa. Jekete ndinaisiyira kumapeto, ndipo inali itangogwira moto pamene ndinamva khasu likugwa pansi kumbuyo kwanga.

Apongozi anaima chilili, akuyang'ana motowo. Kenaka anati, "Mkamwana, mwana wane wandafwe." Anabwerezanso m'Chichewa chawo chosweka chija kuti ndimve bwino: mwana wanga sanafe.

"Sanafe, amama. Ndangotumidwa."

"Uthenga wabwera liti?"

"Palibe uthenga, amama. Tikuopa anyamata a chipani."

Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira mwana wonama. Kwa iwo nkhani inali yapoyera. Zovala za munthu zimagawidwa kapena kutenthedwa mwiniwake ataikidwa m'manda. Palibe munthu wamutu wake angachite zimenezi kwa m'bale wake ali moyo, pokhapokha ngati ndi mfiti yomufunira imfa. Mwana wawo wamkulu sanali mfiti, anali mphunzitsi, woimba kwaya. Ndiye kuti wamva kanthu ndipo akuwabisira. Ndinalumbira, ndinagwada, koma mawu a mtengwa amapepuka.

Anakhala pakhonde osadya mpaka amuna anga atabwerako kusukulu. Asanatsamiritse ndi njinga yomwe, anawafunsa.

"Adada, ndiuzeni. Mng'ono wanu wafa?"

Ine ndinali pakhomo la khitchini. Yankho loyenera linali lapafupi: iyayi amama, sitinamve kalikonse, ndachita mantha ine. Mawu ochepa chabe, koma ankafuna munthu wovomera pamaso pa mayi ake kuti watentha zovala za mng'ono wake wamoyo pofuna kupulumutsa khungu lake. Amuna anga anaweramitsa mutu n'kumakanda chishalo cha njinga ndi chikhadabo. Sananene kuti inde, sananene kuti iyayi.

"Yewo," anatero apongozi, n'kulowa m'nyumba.

Sanalire mokweza. Kulira munthu wotchedwa chigawenga unali mlandu, ndipo ankadziwa. Ndinawapeza kuchipinda kwawo atakhala pansi, ataluma chitenje, thupi lonse likugwedezeka. Maliro opanda mtembo, opanda nyimbo, opanda ndi mnansi mmodzi yemwe wodzakhala nawo. Ndinabwerera kwa amuna anga n'kuwauza kuti alowe akakonze zimene awononga. Anati, "Zili bwino chonchi. Asiya kumudikira, asiyanso kumutchula." Ndikanakhala ndi kopita pafupi, ndikanamanga katundu tsiku lomwelo. Koma ku Ntcheu n'kutali, ndipo kuno mwana ndi wa kuchimuna.

Ndinayesanso kangapo kuwauza apongozi zoona zake, tili awiri kumunda. Ankangondisisita pamkono n'kunena kuti ndine mwana wabwino, ndisavutike kuwatonthoza. Anyamata a chipani aja sanabwere n'komwe kudzafufuza m'nyumba mwathu, ndipo za mlamu wanga sitinamve chilichonse, chabwino kapena choipa.

Patapita masiku, apongozi anatenga lumo n'kudzimeta okha mpala, monga amachitira ofedwa. Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi duku lawo linatsetsereka, ndipo mayi wina amene anali wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu anaona. Anayandikira akumwetulira.

"Kodi amama, kwagwa maliro kuti osatiuza? Wafa ndani?"

Anthu anaima kuti amve. Apongozi anatsegula pakamwa, koma amuna anga anawadumphira.

"Palibe maliro. Ndi nsabwe, zawavuta amayi."

Anthu anaseka, wina n'kunena kuti ine mkamwana ndizichapa zofunda. Apongozi anayang'ana mwana wawo kwa kanthawi, kenaka anakonza duku lawo bwinobwino.

"Nsabwe, mama," anatero. "Zandiluma chomene."