Tinasesa Kuti Alendo Asaone Poizoni

Ine Silungwe, ndi imvi zonsezi, ndinkakhulupirira kuti nthaka ndi sefa. Thirapo chilichonse, pofika pansi chayera. Sukulu ndinalekezera panjira, musandiseke kwambiri.

Kuno ku Kaseye kunabwera wamalonda wina wa kumwera, munthu waulemu, wodziwa kuthokoza kuti "yewo" pena paliponse. Anamanga shedi yolumikizira nyale za sola ndi mawailesi, kwinaku akuphwasula mabatire akale. Madzi a asidi ndi zotsukira zake ankataya kuseri. Kunsi kwa shediyo kuli chitsime chomwe timamwa, ife ndi adzukulu athu.

Udzu wa kuseriko utapsa pakati pa dzinja, ndinayamba kulongolola. Ndinalongolola kutchalitchi, pamsika, ngakhale pamaliro, mpaka a boma anatumiza anthu oyeza dothi ndi madzi. Anafika sabata ino.

Mukudziwa zomwe tinachita titamva kuti kukubwera alendo?

Tinasesa. Mwini shedi anathira mchenga woyera pamalo opsawo, anyamata n'kupaka miyala laimu. Mtsikana wotsogolera oyezawo atatulutsa mabotolo ake, amayi apampando a komiti ya chitsime anathamangira kunyumba n'kubwera ndi ndowa yovundikira bwino.

"Tungani awa, mwana wanga, ndi owiritsa. Mlendo sitimupatsa a pachitsime."

Mtsikanayo analandira ndi manja awiri, anamwako, kenako anati, "Zikomo amama, koma odwala ndi chitsime. Ndabwera kudzaona icho."

Anthu anayang'ana pansi. Ine manyazi anandithera kalekale pamodzi ndi mano. Ndinakaima pamchenga paja ndi ndodo yanga.

"Adada, chokanipo, mudetsa," anatero mwini shedi.

"Ndikufuna andiike pano ndikafa. Tayambani kukumba, ana inu, tione ngati ndi pofewa."

Oyezawo anaseka, koma anakumba. Chitsulo chawo choboolera chinadutsa mchenga n'kutulutsa dothi lotuwa, lonunkha ngati batire yotentha. Kamakina kawo katalozedwa padothilo, mtsikana anati muli mtovu wambiri. Madzi anapita nawo kuti akawayeze bwino, koma chitsime anati chitsekedwe kaye. Mwini shedi anauzidwa kuti achotse dothi lonselo, awake simenti, ndipo zotsukira asatayenso pansi. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mkamwini amene wamaliza kupereka ng'ombe.

Koma abale, khalidwe ili tinalitenga kuti? Kukabwera oyendera sukulu, ana opanda yunifolomu timawabisa kumunda. Kuchipatala timapita titasamba, titadzola, adokotala akafunsa timati, "Ndiliko bwino pang'ono." Ulemu ndi wabwino, ine sindikukana. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mtovu sumva kuwiritsa, sununkha m'kapu, umangolowa mwa mwana mwakachetechete. Akanayeza ndowa ija, bwenzi lero tikuvina kuti madzi athu ndi abwino, mawa n'kumadabwa kuti ana akufooka.

Kwanuko, komwe amaphwanya mabatire kuseri kwa golosale, mukudikira kuti oyeza abwere muwasesere?

Madzulo a tsiku loyezalo ndinafotokozera mayi a kunyumba, a Nambeye, nkhani yonse, mwina n'kuwonjezerako pang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwachita bwino, a Silungwe, adzukulu apulumuka," anatero. "Popeza chitsime mwatseketsa ndinu, njinga ndaipopa kale. Zigubu zili pakhonde, mjigo uli kutsidya."