Mwala Umene Amayi Anaumba

Ndowa yachitsulo yodontha ndiyo yokha imene abale a bambo anatisiyira. Maliro a bambowo atangotha ananyamula bedi, wailesi, njinga, ngakhale makatani, anthu oyandikana nafe akuyang'ana kumbali. Bambo aang'ono potuluka anati abweranso mvula isanagwe, ndipo adzapeze titasamuka, poti nyumba ndi ya mbale wawo. Mpaka lero ndikakumbuka mawu amenewo ndimapsa mtima.

Amayi sanalire pamaso pawo. Anamata ndowa ija ndi phula, n'kuyamba kuumba mwala pakhomo.

Inde, mwala, ku Zomba, kumene phiri lonse ndi miyala yokhayokha. Dera lathu lonse la Zakazaka linaseka. "Maliro awasokoneza mutu," ankatero azimayi kumpopi, ine ndili pamzere pomwepo. Ndinkachita manyazi, koma madzi ndinkatunga.

Amalume, omwe anali mmisiri womanga nyumba, anabweretsa simenti yotsala kuntchito ndi zitsulo, n'kuzikhomera pansi kwambiri. Amayi anaunjika zidutswa za njerwa ndi zitini, anakutira ndi waya wa khola la nkhuku, pamwamba n'kuyala masaka oviika m'simenti. Ankamata ndi manja. Simenti inatidya zala mpaka khungu kusupuka, ndipo mchere ukakhudza tinkadumpha. Isanaume ankaisindikiza ndi chitsononkho kuti ikhale yokhakhala, akuwaza dothi lofiira ndi fumbi la makala. Tsiku lina tinakwera phiri kukapala ndere pamiyala yeniyeni, n'kudzazipaka ndi chambiko. Fungo lake linaitana ntchentche ndi anthu omwe.

Odutsa anayamba kuima. Wina ankati mbali iyi yaphwa, wina ankati thirirani ungang'ambike. Oseka aja anasanduka akapitawo, ndipo amayi ankangowasiya alankhule.

Bambo aang'ono anafika ndi galimoto m'kutentha kwa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Anapeza amayi atakhala pamwala paja, atavala zakuda zawo.

"Alamu, zonyamulika munanyamula," anatero amayi osakweza mawu. "Nyamulaninso ichi, ine ndili pomwepa."

Ndinkadziwa kuti m'kati muli zitini, hamala imodzi ikanatiyalutsa. Koma azimayi akumpopi aja anatula zidebe, n'kukhala pansi mozungulira mwalawo. Azibambo anaima kumpanda, manja kumbuyo. Palibe anatukwana. Bambo aang'ono anayang'ana nkhope imodziimodzi, anapukuta thukuta, n'kuuza dalaivala kuti atembenuze galimoto. Mvula ya chaka chimenecho inatipeza m'nyumba mwathu.

Ine ndinkauza anzanga kusukulu kuti bambo aang'ono anaopa mwala. Ndinali wamng'ono, sindikanamvetsa chifukwa chake amayi anaumbira pakhomo penipeni, masana dzuwa likuswa mtengo, akulola kusekedwa. Ankafuna kuti tsiku lobwera alamu awo, pasadzapezeke munthu wonena kuti sanaone.