Kansalu Koderako pa Tsiku la Lole

Tinkakhala m'malayini a antchito a m'nkhalango ya Luwawa, kumene amuna anga ankadula mitengo ya paini. Kwathu ndi kumalire a Kasungu, ndipo Chitumbuka ndinkachimva koma poyankha ndinkayankha m'Chichewa. Tinali titakhala m'banja zaka zingapo popanda mwana. Mimba ziwiri zinapita padera anthu asanaziwone n'komwe.

Chaka chimenecho, nyengo yozizira, ndinaona zachilendo pa kansalu kanga. Masiku anga akumwezi anali asanakwane. Sanali magazi ofiira amene mkazi aliyense amawadziwa, koma timadontho toderako ngati dzimbiri la pa khasu. M'mimba simunkapweteka. Komabe ndinaleka kuthira mchere m'ndiwo, monga tinalangizidwira kuti mkazi wotaya magazi asamathire, ndipo ndinapempha mnzanga wa khomo loyandikana kuti andithirire.

"Amama, mwezi wanu ukutuluka kawiri?" anandifunsa akuseka. "Enafe umodzi womwewo ukutikwana."

Ndinaseka naye, koma m'mawa mwake ndinayenda kupita ku kachipatala kathu. Anamwino anali mayi wachikulire wosathamanga polankhula. Anati magazi oderako ndi magazi akale, amene achedwa kutuluka. Nthawi zina ndi otsalira a kumwezi, nthawi zina amabwera pakati pa mwezi popanda vuto, nthawi zina ndi zilonda za pa khomo la chiberekero. Atandiyeza anati zilonda palibe.

"Chatsala n'chimodzi," anatero. "Mimba ikamayamba kukhazikika imatha kudontha chonchi. Ikamafuna kuchoka imayambanso chonchi. Lero sindingakuuzeni kuti ndi ziti, ngakhalenso zoti mimbayo ilipo kapena ayi. Ndi mbiri yanuyi, pitani mukapume. Akasanduka ofiira, kapena m'mimba mukayamba kupota, mubwere msanga."

Ndikubwerera ndinapeza amayi a tcheyamani a chipani m'dera lathu akuyenda khomo ndi khomo. Mtsogoleri wa dziko ankayembekezeka kudzayendera chigawo chathu, ndipo amayi tonse tinkafunika ku boma la Mzimba Loweruka kukayeserera magule. Masiku amenewo zimenezi sizinali zopempha. Wojomba ankafunsidwa ngati ali ndi maganizo ena, ndipo funso limenelo linkatha kumuchotsetsa ntchito mwamuna wake, kapena kumutengetsa osadziwika kolowera.

Ndinawauza amuna anga tikudya. Anasiya kudya.

"Ndiye muli ndi pakati?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Nanga achipaniwo tikawauza chiyani? Kuti simukudziwa?"

Sanakalipe. Ankangoyang'ana kukhomo, ngati mawuwo atuluka okha n'kukafika kumene sakufunika. Ndinawamvetsa. Mkazi sanena za mimba yosaoneka, ndipo malayini onse ankadziwa kale, chifukwa cha mchere uja, kuti ine ndili kumwezi basi. Kumwezi si matenda. Amayi ambiri ankavina ali choncho.

Masiku otsalawo ndinkapemphera ndikusesa, ndikutunga madzi pang'onopang'ono m'kandowa kakang'ono. Ndinkakumbukira mkazi wa m'Uthenga Wabwino amene anataya magazi zaka zambiri, nakhudza chovala cha Ambuye ali kumbuyo, pakati pa khamu, osauza munthu. Koma Ambuye sanamulole kubisala. Anamuitana kuti anene zonse poyera, iye akunthunthumira. Mbali imeneyo ndiyo inkandiopsa.

Loweruka lole yonyamula matabwa inaima pamsewu kukadali nkhungu. Anyamata achipani awiri anaima pambali pake. Amayi ankakwera atavala nsalu zofanana. Ndinafika pamene panali amayi a tcheyamani, ndipo ndinagwada.

"Amayi, ndapota, ndili ndi mawu pambali."

"Mawu pa ola lino? Kwerani, mama. Za kumwezi kwanu tamva kale. Nafenso ndife akazi."

"Si kumwezi, amayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anauza anyamata aja kuti akukandimanga bwino nsalu, ndipo tinapita kuseri kwa bafa la udzu. Kumeneko ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo pamaso pa munthu amene si mlangizi wanga kapena namwino. Ndinawaonetsa kansalu kaja. Ndinawauzanso za mimba ziwiri zija.

Anawerama, nayang'anitsitsa.

"Afiira?"

"Ayi. Ndi chonchi kuyambira tsiku loyamba."

"Amuna anu akudziwa?"

"Akudziwa. Akuopa."

"Achita bwino kuopa." Anapuma mozama. "Kukusiyani sindingathe. Anyamatawa awerenga mitu, ndipo mukasowa afunsa ine. Mbwenu mukwera. Koma mwendo wanu sugunda pansi lero."

Anandikweza kutsogolo, pakati pa iwo ndi dalaivala, atandiyalira bulangete lawo. Msewu wotsika ku Luwawa unali wa mabampu okhaokha. Lole ikagwera m'dzenje ndinkagwira pamimba ndi manja onse, n'kunena mumtima kuti Inu amene mumaumba munthu mobisika, gwirani chimene mwayamba, ngati mwayamba. Kumbuyo amayi ankaimba. Amayi a tcheyamani ankangomukalipira dalaivala kuti sananyamule matabwa lero.

Pabwalo la ku boma anandikhazika pansi pa mtengo, n'kundisiyira makanda a amayi ovina ndi mitolo yawo. Dzuwa litakwera, mnyamata wachipani wa kuboma komweko anabwera atanyamula ndodo.

"Inu mayi, nsalu mwavala, bwanji simukuvina?"

Amayi a tcheyamani anatuluka mumzere thukuta lili kamukamu.

"Ndamuika ndine. Kapena anawa muwalera ndinu, ada? Khalani pansi, nayu wina wadzionongera, mum'pukute."

Amayi amene anali pafupi anaseka, ndipo mnyamatayo anachoka akung'ung'udza.

Nthawi yopuma ndinapita kuchimbudzi cha kuseri kwa bwalo. Ndinaima kanthawi ndisanayang'ane, chifukwa ndinkamva chinyezi ndipo sindinkadziwa ngati ndi thukuta. Nditayang'ana, magaziwo anali oderako, ochepa kuposa a dzulo lake. Ndinatsamira khoma n'kulira mosatulutsa mawu.

Sabata yotsatira anasiya okha. Kumwezi sindinapitenso. Anamwino anadzandiuza pambuyo pake kuti palibe angadziwe ngati kuvina kukanaichotsa mimbayo kapena ayi, ndipo sindinatsutse. Mwana wanga wamkazi anabadwa mvula ikupita kumapeto, chimanga chili chachiwisi. Ndinamupereka kwa Ambuye asanadulidwe n'komwe mchombo.