Matcha wa Azakhali ku Lawrence

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala kutsidya kwa nyanja ku South Bend awiriwiri ndi amayi. Bambo anali atabwerera ku Malawi kukadikira mapepala owaloleza kukhala nafe kunjako, ndipo amayi ankasamalira odwala, mashifiti ake osadziwika mutu. Sukulu inali pafupi kutsekera holide yaitali, koma panalibe koti n'kundisiya. Maso athu anali pa azakhali, alongo awo a bambo, amene ankakhala ku Lawrence, mbali ya Indianapolis, m'chinyumba cha zipinda zongogona akangaude.

Tinafika Loweruka masana, amayi atatopa ndi chiwongolero, m'mimba mulibe kanthu. Pabalaza tinapeza azimayi a kutchalitchi kwawo. Azakhali anali atangobwera kumene kuchokera ku Japan ndi amuna awo, ndipo dziko lonse linkayenera kudziwa. Anationetsa tizitini ta tiyi: uyu sencha, uyu oolong wa ku China, uyu pu-erh, woumbika ngati ndowe youma, amene ankati amakoma akakalamba. Mayinawo ankawatchula ngati ndi abale awo.

Kenako anatapa ufa wobiriwira wotchedwa matcha, n'kuthira timadzi totentha m'mbale, n'kutakasa ndi kachitsache ka nsungwi mpaka thovu. Fungo lake linali la udzu wongotchetcha kumene. Kwathu tiyi wa mlendo amabwera ndi mkaka, shuga ndi buledi, ndiye amayi atalawa anafunsa motsitsa mawu.

"Alamu, kashuga kangapezeke?"

Azakhali anaseka chikhakhali. "Shuga mu matcha? Amake Tadala, pano si pa tiyirumu ya pa Lunzu. Mwadiraiva mtunda wonsewu, lilime mwalisiya kumudzi?" Anatembenukira kwa alendo awo. "Achimwene tinkawauza ife asanakwatire, koma kumva ayi."

Mayi wina anaseka nawo, ena anangozyolika. Ine magazi anawira. Ndinkafuna kuwakapiza azakhali thovulo pa diresi lawo loyeralo.

Amayi anagwira mbaleyo ndi manja awiri, n'kumwa zonse osakwinya nkhope. "Zikomo kwambiri, alamu, tamwa," anatero. Anafunsa za moyo wa ana, anatsanzika aliyense, tinatuluka. Nkhani imene tinabwerera sanaitchule n'komwe.

Tili m'galimoto ndinawafunsa m'Chingerezi changa chija chifukwa chake sanapemphe. Anandiyankha m'Chichewa, maso ali pamsewu.

"Ngati ine wamkulu andimwetsa chipongwe pamaso pa alendo, iwe azidzakumwetsa chiyani ine kulibe?"

Holide imeneyo ndinaithera mulaibulale ya m'tauni, ndi mpunga wozizira m'kakontena, kudikira kuti amayi aweruke tizipita kunyumba. Anzanga ankasambira, ine ndikusinza pa mabuku. Ndinawakwiyira amayi, ndinkati kunyada kwawo n'kumene kwandimanitsa chipinda changachanga.

Nditafika ku koleji, mnzanga wina wa ku Japan anandiitana kuti andikonzere tiyi yemweyo mwamwambo wakwawo. Asanandipatse mbale, anayamba wandipatsa kachakudya kotsekemera ka nyemba, akuti mlendo sayenera kukumana ndi kuwawa mkamwa muli mouma. Mbaleyo anaitembenuza kuti mbali yokongola iyang'ane kwa ine, n'kuwerama. Pamenepo mtima unandipweteka kuposa tsiku lija. Eni tiyiyo amadziwa kuti ndi wowawa, ndipo mwambo wonsewo ndi wolemekeza mlendo. Azakhali ananyamula ufa ndi kachitsache, ulemu anausiya komweko.

Lero azakhali akalamba, ndipo amadandaula kwa abale kuti mwana wa achimwene awo ndi wachizungu, sayendera anthu. Alankhule, pakamwa ndi pawo. Sindinawakhululukire, ndipo sindinamizira. Chimene ndikudziwa tsopano n'choti amayi sananyade tsiku lija. Chipongwe chonse anamwa okha mpaka kugugudiza, kuti ine ndisakakulire m'nyumba yoti kupempha shuga ndi mlandu.