Holide Imene Ndinali Wothira Mchere

Kapoto kanga koyamba kanali ka chitini cha mafuta ophikira. Amalume, amene ankasula ndowa ndi mbaula pafupi ndi msika wa Ndirande, anadula chitinicho pakati, anapinda m'milomo kuti ndisadzicheke, kenako anakhomerera chogwirira cha waya. Malembo a pachitinipo ankaonekabe mbali imodzi mpaka mwaye unawameza. Chikulire changa ndaphikira m'mapoto ambiri, ena odula ndithu, koma onsewo sindinawasamale ngati kameneko. Ndinkakakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka zala kutuwa.

Chaka chimenecho bambo anali ku Joni, ku migodi. Pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono amene anali atangosiya kuyamwa. Tinkachita lendi m'nyumba za mdadada, zija zoti wina akayetsemula kuchipinda kwake oyandikana nawo onse amadziwa kuti chimfine chalowa. M'nyengo ya chiperoni mwanayo anadwala chikuku. Chikukucho chinatha, koma chinapita ndi njala yake yomwe. Amayi ankamupatsa zimene tonse tinkati ndi zabwino: phala lamadzimadzi la ufa woyera, tiyi, ndi sikono yonyika. Masiku amenewo m'tauni tinkati mgaiwa ndi wa akaidi, ndipo bonongwe tinkangomupondaponda kuseri kwa bafa ngati udzu. Tinali osauka onyada, ndipo kunyada kwathuko kunkagwera m'mbale ya mwana.

Masaya ake atayamba kufufuma ine ndinakondwa, ndinkati akunenepa. Koma tsitsi linasanduka lofiirira ndi lofewa ngati ndevu za chimanga, anasiya kuyenda, ndipo ukamudina paphazi pankatsala kadzenje kosafuna kubwerera.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, ankakhala ku Chilomoni. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankabwera kudzaona pakhomo pa mchimwene wawo, ndipo ankaonadi, mpaka m'mapoto momwe. Tsiku lina anamudina mwanayo paphazi, nayang'ana kadzenjeko nthawi yaitali.

"Alamu, ili ndi tsempho," anatero kwa amayi. "Mwanayu mwamusempha."

Ine kusempha kumene ndinkakudziwa kunali kusemphana panjira, ndiye ndinadabwa kuti amayi angasemphane bwanji ndi munthu amene ankakhala kumsana kwawo tsiku lonse. Chimene azakhali ankanena ndi chakuti amayi ayenda ndi mwamuna wina bambo ali kutali, ndipo pothira mchere m'chakudya ndi manja otenthawo amudwalitsa mwana. Anati mwana wa tsempho sachira ndi phala kapena jakisoni, amachira mayi wake akaulula ndi kupita naye kwa sing'anga. Anawonjezera kuti zikapitirira, nkhaniyi ikafika ku Joni. Kwa amayi, kupita kwa sing'angako kukanakhala kuvomera, ndipo kukhala chete mwana n'kufa kukanakhalanso kuvomera.

M'mawa mwake amayi anapita naye mwanayo kusikelo. Anamwino sanamubaye jakisoni amene amayi ankayembekezera. Anangoti mwanayu matenda ake ndi njala, ngakhale akudya, ndipo mankhwala ake ndi zakudya za magulu atatu. Amayi atabwera nazo zimenezi kunyumba ndinalumpha, chifukwa magulu atatuwo ndinkawadziwa. Aphunzitsi athu ankatilakatulitsa m'mawa uliwonse, ndodo ili pabolodi: zopatsa mphamvu, zokulitsa, zoteteza ku matenda. Anajambulapo nsomba imene ifeyo tinkati ndi nsapato. Ndinkalakatula mokweza kuposa kalasi yonse, koma sizinandibwerere m'mutu n'kamodzi komwe kuti mawuwo angakhudze chimene chili m'mbale kwathu.

Kudziwa magulu atatu kunali kosavuta. Chovuta chinali kutsegula pakamwa pa mlongo wanga. Akangoona supuni ankaluma mano, kutembenuza mutu, phala lonse pansalu ya amayi. Anayesa kumunyengerera, anayesa kumugwira mphuno monga ankachitira amayi ena, mapeto ake onse awiri ankangolira.

Sukulu inali itatsekera, ndipo ana a mumdadada tinkachita masanje kuseri kwa nyumba, kuphika dothi ndi masamba a mpanda m'zitsekerero za mabotolo. Tsiku lina amayi anamukhazika mwanayo pafupi nafe pamene iwo ankachapa. Anatambasula dzanja kufuna keke yanga ya dothi, ine ndinamukaniza, ndipo nditangotembenuka anaitsomphola n'kuiponya m'kamwa. Amayi anamutokosa m'kamwa ndi chala, koma ndinaona kuti sanakwiye. Anati chimene wakanizidwa ndicho amachifuna, magazi a kwa bambo ake amenewo.

Pasanathe masiku amalume anabwera ndi timapoto m'thumba, kanga kaja ndi tina ta anzanga, ndi kambaula kakang'ono. Amayi analengeza kuti masanje a dothi atha. Tiziphika zenizeni, ndiponso osati kuseri, koma pabwalo penipeni, moyang'anana ndi mpopi pamene amayi onse a mumdadada ankatungapo madzi ndi nkhani. Pomwepo, onse akuona, anandipatsa kabotolo ka mchere.

"Kuyambira lero wothira mchere pakhomo pano ndi iwe," anatero. "M'masanje ndi m'nyumba momwe."

Ndinafufuma. Kabotoloko ndinkayenda nako m'thumba la diresi, ndipo mwana wina akakakhudza kunkakhala ndewu.

Sindikumbuka holide ina yokoma ngati imeneyo. M'mawa tikangosesa, ana ankabwera aliyense ndi kake: wina mbatata ziwiri, wina tomato wophwanyika mbali imodzi, wina papaya logwa lokha. Anyamata ankatola zidutswa za makala kwa ogulitsa makala. Ife atsikana tinkathyola bonongwe ndi chisoso kumene kale tinkangodutsa. Kumsika ankatuma ifeyo, chifukwa pachipata ayufi ankaimitsa akuluakulu kufunsa makhadi a chipani, pamene ana tinkangodutsa m'miyendo mwawo. Tinkabwerako ndi usipa wonyenyeka wa pansi pa dengu, umene tinkausinja kukhala ufa. Fungo lake likandipeza lero, ngakhale mu minibasi, ndimamva utsi wa kambaula kaja m'maso.

Amayi sankagwira mthiko. Ankakhala pampando wawo mwana ali pamiyendo, n'kumafunsa kapoto kalikonse kuti magulu alimo angati. Ukati awiri, ankakubweza kuti ukasake lachitatu. Osasamba m'manja sankayandikira moto, ndipo woyang'anira zimenezo anali mnzanga wa khomo lotsatira, mwana wa atelala achisilamu, amene ankatithirira madzi ndi kapu n'kumationa m'zikhadabo mwaukali kuposa aphunzitsi. Posinja mtedza amayi ankatiimbitsa nyimbo, zomwe zija amayi a chipani ankayeserera pabwalo la sukulu. Tinkati amakonda mawu athu. Chilungamo chake n'chakuti pakamwa poimba sipatafuna, ndipo akanapanda kutero nsinjiro sizikanafika m'phala.

Lamulo lalikulu linali lakuti mlongo wanga asapatsidwe kanthu. Tizidya pamaso pake, tizinyambita zala, tizitama kukoma, iye tisamuyang'ane n'komwe. Kwa ana anjala ngati ife lamulo limeneli silinali lolemera. Tinkaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi ufa wa usipa, futali wa mbatata, nkhwani wotendera, ndipo zina zinkapserera, zina kusapsa, koma m'timapoto simunkatsala kanthu. Masiku oyamba ankangotiyang'ana ndi maso ake otopa aja. Kenako anatsika pamiyendo pa amayi n'kukhala pansi. Tsiku lina anaviika chala m'mbale mwanga, ndipo ine, monga ndinauzidwira, ndinamukalipira n'kusuntha mbaleyo pang'ono. Anaitsatira chokwawa. Nditacheuka ndinaona amayi akuyang'ana kumwamba kwa phiri la Ndirande ngati kuli chachilendo.

Amalume anali ndi nkhuku imodzi yoikira, ndipo dzira lililonse linkabwera kwathu m'thumba la ovolosi yawo. Apa panali vuto lina, chifukwa akuluakulu ambiri, azakhali patsogolo, ankati mwana akadya mazira amagwa khunyu. Choncho dziralo ndinkaliswera m'phala n'kutakasa msangamsanga. Lamulungu lina azakhali anatipeza tikupakula. Anasuzumira m'kapoto kanga n'kufunsa chimene chachititsa phalalo kukhala lachikasu.

"Tathiramo dzi..." ndinayamba ine monyadira.

Amayi anandiponda chala.

"Dzungu," anamaliza iwo.

Azakhali analawa, anati dzungu la chaka chino n'lonona, ndipo anafunsanso kuti wathira mchere ndani. Ndinaimika dzanja ngati m'kalasi. Kuyambira tsiku limenelo kwathu dzira linkatchedwa dzungu, ndipo amalume akafika ankanena mokweza pakhomo kuti nkhuku yawo yaberekanso dzungu.

Sikuti zonse zinangoyenda myaa. Kutupa kuja kutayamba kuphwa, mwanayo anaoneka wowonda kuposa kale, nthiti zonse poyera. Anamwino anali atawachenjeza amayi kuti zidzatero, koma azakhali kusikeloko kunalibe. Anati onani tsopano, mwana akutha inu muli pamasanje ndi ana, ndipo anapereka Lamulungu loti apite naye kwa sing'anga. Amayi a pampopi ena anayamba kuitana ana awo kuti asamadye nafe. Amayi anga ankangoti zikomo alamu, ndamva, ndipo Lamulungulo litafika anati mwana wagona, sangamudzutse. Ndikaganiza lero, azakhali sindiwada. Ankamukonda mwanayo, ndipo ankaopa ndi mantha amene iwonso anapatsidwa ndi akulu awo. Koma amayi masabata amenewo anaonda pamodzi ndi mwana wawo, ife tili kalikiliki kukangana kuti akombe m'poto ndani.

Kenako tsitsi lakuda linayamba kumera pansi pa lofiira lija. Anayambanso kulira mokweza, kulira kwa mkwiyo kumene tinali titakuiwala, ndipo ankaimirira atagwira mwendo wa mpando. Ana amene anaitanidwa aja anabwerera okha, chifukwa fungo la futali silimva malamulo. Amayi ena anayamba kudzaima pafupi, zidebe zili pamutu, kufunsa ngati usipawo timausinja ndi mitu yomwe.

Lamulungu lomaliza sukulu isanatsegulidwe tinaphika zambiri, poti anali masanje otsanzikana. Amalume anabwera, azakhali nawo anafika ndi nsapato zawo za kutchalitchi n'kukhala pamkeka. Futali anali atapsa, nkhwani unali pamoto. Ndinangoika mbale yanga pansi kuti ndikonkhezere makala, mlongo wanga anainyamula ndi manja awiri n'kuthawa nayo. Kuthawa kwenikweni, timiyendo tili petupetu, futali akutayikira m'njira. Ndinakuwa kuti wakuba, ana onse anaseka, ndipo iye pothawa ine anakagwera pamiyendo pa azakhali, m'kamwa muli tho.

Azakhali anamukhazika bwino. Anamugwira phazi n'kudina ndi chala chachikulu. Panalibe kadzenje. Anadinanso phazi linalo, kenako anamusisita m'mutu momwe munkamera tsitsi lakuda, iye ali pantchito yake yomaliza futali wanga.

Nkhwani unali utafika pothira mchere, ndiye ndinatulutsa kabotolo kanga. Azakhali anandiitana, anakatenga m'manja mwanga, anadzuka pamkeka paja n'kupita pamene panali amayi. Anawapatsa ndi manja awiri, atapinda mawondo pang'ono, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu wamng'ono kwa iwo.

"Alamu, thirani mchere," anatero. "Pakhomo pano m'panu."

Amayi anapukuta manja kunsalu nthawi yaitali ngakhale anali ouma. Anagwada pakambaula paja, ndipo pothira, mchere unakhuthukira wambiri. Ine ndinaona ndi maso angawa, ndipo nditalawa ndinatsimikiza: nkhwaniwo unawawa mchere. Ndinadikira kuti wina anene. Amalume anadya n'kupempha wina. Azakhali anadya mpaka kukomba mbale ndi chala. Amayi a pampopi amene anali pafupi analawa nawo, nati koma ndiye ndiwo izi.

Ndinakakhala kuseri kwa chitseko, mtima uli phuphuphu ndi mkwiyo. Holide yonse ndinathira mchere osalakwitsa, ndipo tsiku limodzi lomwelo anandibera futali, anandilanda ntchito popanda mlandu, n'kuipereka kwa munthu woti waiwala kathiridwe kake. Kunja amayi ankaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokereni bambo, uku akupukuta m'maso. Ndinaganiza kuti nawonso mchere wawawawa.