Nyanja ya m'Botolo la Dilipi

Bambo akunyumba kwanga anali olemba zikwangwani. Magolosale ambiri a kwa Mwambo, kuyambira pamsika mpaka kudooko la mabwato, mayina ake analembedwa ndi dzanja lawo. Ankajambulanso tokometsera, monga ketulo yofuka nthunzi kapena mlamba wonenepa pakhomo la wogulitsa nsomba. Ine ndinkayendetsa tiyirumu yathu m'mbali mwa msewu wopita kunyanja, pamene asodzi ndi ogula matemba ankatsamiritsa njinga zawo n'kumwa tiyi ndi masikono.

Chaka china m'nyengo ya mvula kunagwa kolera. Bambowo anaitengera kudooko, ndipo tinawanyamula pamachira mpaka kuchipatala maso atalowa kale m'kati. Anawaika madilipi, Mulungu n'kuwachitira chifundo. Anabwera kunyumba ataonda ngati bango, osakonda kuyankhula. Eni masitolo akabwera ndi ntchito, iwo ankangoti, "Mubwerenso."

Tsiku lina ndikuchokera kumunda wa mpunga ku Likangala, ndinapeza atasuntha mabenchi a m'tiyirumu, khoma lonse la m'kati atalipaka laimu, zitini za penti zili mbwee pansi. Sindinawafunse kanthu. Ndinangokondwa kuona bulashi ili m'manja mwawo. Makasitomala ndinayamba kuwapatsira tiyi pakhonde.

Atamaliza anandiitana. Pamwamba pa khomalo anali atajambulapo botolo la dilipi lalikulu ngati mgolo, lozondoka, ndipo m'kati mwake munali nyanja yathu yonse, phiri la pachilumba cha Chisi lili pakati, matemba akusambira. Kapaipi kochokera m'botololo kanatsika n'kulowa pamkono wa munthu wogona pa njedza, udzu wa m'nyanja uja, ndipo pachifuwa pake panamera mpunga. Pambali panaima kakowa wamtali kuposa nyumba, atavala kachipewa koyera ka anamwino. Chakumapeto kwa khoma kunali bwato loyenda mumlengalenga, lopanda wopalasa.

"Bambo, nanga anthu amwa bwanji tiyi pafupi ndi munthu wodwala?" ndinafunsa.

"Sakudwala ameneyu, mayi. Akuchira. Simukuona mpungawo?"

Tanthauzo la zonsezi sanandiuze tsiku limodzi. Zinkatuluka pang'onopang'ono, ine ndikukanda ufa wa masikono, iwo akutsuka mabulashi ndi palafini. Anati ali chigonere kuchipatala ankayang'ana madzi akudontha m'botolo, n'kumaganiza kuti ndi nyanja ikuwabwezera madzi amene inawalanda. Kakowa uja anali namwino wina wamtali amene ankayenda pakati pa odwala ogona pansi, akunyamula miyendo mosamala kuti asaponde munthu. Za bwato anachedwa nazo. Kenako anandiuza kuti pafupi nawo panagona msodzi wa ku Chisi, amene akapeza timphamvu ankangokamba za bwato lake latsopano limene anali atangomaliza kusema. Anamwalira m'mawa wina asanalikwere.

"Pamadzi silinafikepo," anatero. "Nchifukwa chake ndaliika m'mwamba."

Ndinkaopa kuti anthu athawa, koma anachuluka. Ena ankaseka, ena ankatsutsana. Mkulu wina wachisilamu, wogula nsomba zouma, poyamba ankakhala chofulatira khomalo. Patapita masiku ndinamuona atatembenuka, akuwerenga ndi chala mitundu ya nsomba za m'botolo, n'kudandaula kuti makumba achepa.

Koma masiku amenewo chinthu chosamveka bwino chinkatha kumutengetsa munthu. Mbiri ya khomalo inafika kwa tcheyamani wa chipani wa dera lathu, ndipo anabwera masana ena ndi anyamata awiri. Anayamba wayang'ana ngati chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chinali pamwamba pa zonse. Chinali pamwambadi, poti bambowo anachisiyira malo ake. Kenako analoza munthu wogona uja.

"Ameneyu ndani? Kapena mukunena kuti dziko likudwala?"

Bambowo anangoyandikira khoma n'kuima pafupi ndi nkhope ya munthuyo.

"Ndine, a tcheyamani. Taonani chipsera cha pamphumichi, ndi chomwechi ndili nachochi. Ndinagwa panjinga ndili mnyamata."

Tcheyamani anayang'ana khoma, n'kuyang'ana bambowo, n'kuyang'ananso khoma. Anafunsa za kakowa, bambowo anamuuza. Anafunsa za bwato, anamuuza. Kenako tcheyamaniyo anati naye mlongo wake anapita ndi matenda omwewo. Ndinawathirira tiyi onse atatu. Ponyamuka anati, "Mpungawo mwaujambula bwino. Ndi mpunga wa mtundu wa faya umenewu." Nkhani inathera pomwepo.

Mvula itatha, kunabwera mayi wina ndi mwana kumsana, atawoloka kuchokera ku Chisi kudzagulitsa nsomba. Sanaitanitse tiyi. Anaima kutsogolo kwa bwato lija nthawi yaitali, ndiye anafunsa amene anajambula. Ndinakawaitana bambowo kuseri.

"Ndamva kuti munagona pafupi ndi amuna anga," anatero mayiyo. "Akuti bwato lawo lili pano."

"Ndi limeneli, mayi."

"Mwalitalikitsa. Lawo linali lalifupi, lotakata pamimba, ndipo kutsogolo kwake kunali kokhota pang'ono chifukwa mtengo wake unali wopindika."

Bambowo sanatsutse. Anatenga laimu n'kufuta bwatolo, mayiyo n'kukhala pabenchi akuyamwitsa mwana. Laimu atauma anayamba kujambula, iye akuwauza: apa chepetsani, apa kulitsani. Ine ndinamupatsa tiyi wamkaka ndi sikono, ndipo anadya uku akulozabe. Dzuwa litapendeka anati, "Eya, ndi lomwelo." Anatiuza kuti bwato lenilenilo akuyendera mchimwene wa malemuwo, ndipo limagwira nsomba bwino ndithu. Bambowo anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chidwalire chawo.

Mayiyo anakhala mnzanga. Akawoloka ankafikira kwathu, ndipo mwana wake uja anaphunzira kuyenda akugwira mabenchi a m'tiyirumu. Bambo akunyumba anabwerera ku ntchito yawo ya zikwangwani sabata yotsatira, atamangirira zitini za penti kumbuyo kwa njinga, ndipo anagwira ntchitoyo zaka zambiri, mpaka manja atayamba kunjenjemera ndi ukalamba.