Malo a Abambo Pafupi ndi Amayi

Amayi ankapemphera Loweruka, abambo Lamulungu. Kwathu ku Ndunde anthu ankadabwa kuti banja lotere likuyenda bwanji, koma ife ana tinkaona ngati mabanja onse amakhala choncho. Loweruka amayi ankatsetsereka wapansi kupita kutchalitchi chawo kutsidya kwa mtsinje. M'mawa mwake abambo ankapopa njinga, kolona m'thumba, ulendo wa ku Misa.

Mkangano wawo unali umodzi: akufa ali kuti? Nkhaniyi inkabuka paliponse, kudimba, pothyola nandolo, ngakhale pobwerera kumaliro. Amayi ankati munthu akafa amagona tulo, sadziwa kanthu, mpaka Ambuye adzabwere m'mitambo, lipenga lilire, manda n'kutseguka. Abambo ankati thupi lokha ndilo limadikira m'dothi, mzimu umapita kwa Mulungu, n'chifukwa chake akufa timawapempherera.

"Ndiye amayi anga ali chigonere zaka zonsezi?" ankafunsa abambo. "Munthu amene dzuwa silinkawatulukira ali pamphasa?"

"Asiyeni apume," ankayankha amayi. "Analima mokwanira."

Onse n'kuseka. Sindinamvepo wina akugonja. Koma zoti tsiku lomaliza tidzauka ndi matupi athu, apo ankagwirizana.

Ndinali nditakwatiwa kale pamene amayi anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Tinapita nawo kuchipatala ku Nguludi. Adokotala anayesetsa, kenako anatiuza mosabisa kuti mtima watopa. Ine ndinkawadikirira, ndipo abambo ankabwera masana aliwonse atanyamula nthochi zimene amayi sankatha n'kudya komwe.

Tsiku lina abambo anakhala m'mbali mwa bedi osanena kanthu, chipewa chili pabondo. Amayi anawayang'anitsitsa.

"Bambo a ana, mwakhala duu bwanji? Lero simunditsutsa?"

"Ndilibe mphamvu," anatero abambo.

"Tamverani. Ngati zanga zija zili zoona, ine sindidzavutika. Ndidzangotseka maso, potsegula lipenga lalira, inu muli pomwepo. Wodikira ndinu."

"Nanga zikakhala zanga?"

"Ndiye ndizidzakuonani mukuthirira tomato dzuwa lili pamutu, ine n'kusowa pokukalipirani."

Abambo anaseka, misozi ikutsikira m'ndevu. Anawagwira dzanja, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita pagulu. Amayi anatisiya sabata yomweyo, ndipo tinawaika kumanda a mbumba yathu, kuseri kwa kaphiri.

Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali cha ku Magomero, kumene makolo awo anakhazikika atachokera ku Mozambique, ndipo m'mudzi mwa amayi anangobwera kudzakwatira. Mwambo wake ndi wakuti mkazi akamwalira, mwamuna amamasulidwa kubwerera kwa abale ake, ndipo akadzafa amakaikidwa komweko. Itatha miyezi ya chisoni, ang'ono awo a abambo anabwera kudzawatenga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi atsibweni, alongo awo a amayi, amene ankayang'anira mbumba yathu.

Atsibweni anathokoza abambo chifukwa chosamala mlongo wawo, n'kunena kuti tsopano ndi omasuka. Abambo anawomba m'manja mwaulemu.

"Alamu, ndili ndi pempho. Munda sindikufuna, ndi wa ana. Ndikupempha malo ogona pafupi ndi mlongo wanu."

Ang'ono awo anadzidzimuka. "Achimwene, manda kwathu aliko. Abambo ndi amayi ali komweko."

"Iwo ali awiri," anatero abambo. "Lipenga likadzalira adzadzuka n'kuonana. Koma mkazi wanga anandiuza kuti potsegula maso adzandipeza pomwepo. Ndikakagona ku Magomero, adzacheuka uku ndi uku, ine kulibe."

"Kodi si inu munkati ali kale kwa Mulungu?" anafunsa atsibweni, akumwetulira pang'ono.

"Ndikutero mpaka lero. Koma mlongo wanu uja sankalakwa kawirikawiri. Sindifuna kudzagwidwa mwadzidzidzi."

Azimayi amene anakhala chapatali anaseka, ena akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Atsibweni anayang'ana pansi. Kenako anati nkhani yotere sangaimalize okha, akaonana ndi akuluakulu a mbumba. Anabwera nalo yankho patapita masiku: palibe wakana. Ang'ono awo a abambo anabwerera okha, ali okhumudwa, ndipo kwa nthawi ndithu sanapondenso pakhomo pathu.

Abambo anakhala nafe zaka zingapo. Mwezi wa Novembala, pamene a ku Misa amakumbukira akufa, ankapita kukalambula pamanda a amayi n'kugwada kuwapempherera. Ndinawafunsa ngati amayi akanalola zimenezo.

"Ngati akugona, sindikuwasokosera," anatero. "Ndimanong'ona."

Anamwalira nthawi yokolola, atangodwala pang'ono. Ndinatumiza uthenga ku Magomero mtima uli m'mwamba, poopa kuti mkangano wa maliro uyambiranso. Ang'ono awo anafika ndi gulu la abale, koma sanabwere kudzatenga mtembo. Anavula jekete, napempha khasu kwa adzukulu okumba manda, n'kukumba nawo mpaka thukuta kamukamu.

Pa mwambowo panabwera akwaya a ku Misa, panabweranso amayi a tchalitchi cha Loweruka, ngakhale palibe amene anawaitana. Sankadziwirana nyimbo, choncho ankasinthana: awa akamaliza, awa n'kuyamba. Dothi litakwiriridwa, ang'ono awo a abambo anaima pamutu pa manda n'kulankhula mawu ochepa m'Chilomwe, chinenero chimene ankayankhulana ali ana. Kenako anatembenukira kwa atsibweni, nawagwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Alamu, mkulu wanga ndamusiya kwanu. Mumusunge."